Ndakatulo Zolembedwa pa Mtima

Madzulo ano, ndili chikhalire pa gombe la Shire ku Liwonde, kuyang'ana nkhalamba ikupalasa bwato mokangana ndi madzi, yosafunsa munthu njira, ndakumbukira Jack Mapanje, mlakatuli wa ku Mangochi, amene adamtsekera ku ndende ya Mikuyu mu 1987 osamzenga mlandu, natuluka mu 1991. Adammana pepala ndi cholembera, koma iye adalemba ndakatulo zake pa magome a mtima wake, nazibwereza usana ndi usiku kufikira tsiku la kumasulidwa kwake. Indetu akuluakulu sadaname: kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. Inu ana athu a ku Machinga ndi Balaka, amene muwerengera pa koloboyi, musataye mtima.