Nambala Imene Inandichepetsa

M'chaka changa choyamba cha ntchito pa koleji ndinachita cholakwa chimene sindidzachiiŵala. Ndinali kuphunzitsa za nambala zosagaŵika, ndiko kuti zimene sizigaŵika ndi nambala ina iliyonse koma 1 ndi izo zokha. Ndinalemba 2 pa bolodi ndi kuichulukitsa ndi iyo yomwe. Yotulukayo ndinaichulukitsanso ndi iyo yomwe, kufikira tinapeza 2, 4, 16, 256 ndi 65,536. Titaonkhetsa 1 pa iliyonse tinapeza 3, 5, 17, 257 ndi 65,537, ndipo zonsezi nzosagaŵika.

Tsono ndinalemba yotsatira, 4,294,967,297, ndi kunena molimba mtima kuti nayonso njosagaŵika, pakuti katswiri wa masamu wa ku France, Pierre de Fermat, anaganiza chomwecho mu 1640. Wophunzira wina wachitsikana anaimirira nafunsa mwaulemu: "Aphunzitsi, kodi imeneyo mwaiyesa?" Ndinamuyankha mwaukali kuti sangapose Fermat, ndipo anakhala pansi ndi manyazi.

Usiku umenewo funso lake linandisoŵetsa tulo. M'maŵa ndinapita kukafufuza m'mabuku, ndipo ndinapeza kuti mu 1732 Leonhard Euler anaonetsa kuti nambalayo imagaŵika ndi 641. Ndinatenga pensulo ndi kugaŵa ndekha. Yankho linatuluka 6,700,417 popanda chotsala. Fermat analakwa, ndipo ine ndinalakwa koposa, chifukwa iye anangoganiza pamene ine ndinaphunzitsa ngati choonadi.

Kubwerera m'kalasi kunali kovuta. Ndinaopa kuti ulemu wanga utha. Komabe ndinapepesa pamaso pa onse, ndipo ndinapatsa mtsikanayo choko kuti achulukitse 6,700,417 ndi 641. Analemba 4,020,250,200, pansi pake 268,016,680, kenaka 6,700,417. Ataonkhetsa, nambala yathu ija inaoneka yathunthu pa bolodi, ndipo anzake anaomba m'manja.

Chodabwitsa nchakuti kufikira lero, mwa nambala zonse za mumzere umenewu zimene akatswiri azipima, palibe ina yopezeka yosagaŵika kupatula zisanu zoyambazo. Zitsanzo zisanu zinatinyenga tonse. Chinthu chikachitika kasanu, sindiye kuti chidzachitikanso kachisanu ndi chimodzi.

Chaka ndi chaka ndimapereka samu imeneyi kwa ophunzira anga asanapite kukayesera kuphunzitsa. Imaŵatengera nthaŵi, ena amadandaula, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Amaphunziramo kugaŵa kwakutali, ndiponso amaleka kuopa nambala yaikulu, poona kuti nayonso imagonja pa malamulo omwe aja a ku Sitandade 5.

Aphunzitsi anzanga, mwana akafunsa ngati mwaiyesa samu, musamkhazike pansi. Mpatseni choko, muiyesere pamodzi. Mtsikana ndinamkalipira uja nditamtseka pakamwa mpaka kalekale, bwenzi aphunzitsi ambiri atanyamula bodza langa kupita nalo ku sukulu zawo.