Safunsa anadya phula: funso limene amunafe timafunsa kumbali

Achimwene anga a kumudzi, ndi inu amene tili limodzi kuno ku Joni, nkhani iyi yakhala ikundilemera mumtima kwa miyezi ingapo. Ndikudziwa kuti ena mufunsa ngati ndikupitabe kutchalitchi. Ndimapita, ndipo ndili pabanja, ana atatu. Werengani mpaka kumapeto musanandiweruze.

Ndagwira ntchito zaka 9 m'khitchini ya lesitilanti ina ku Randburg. Pali mnzanga wina wa konkuno amene timaima naye pa tebulo limodzi posenda mbatatesi ndi kudula anyezi. Tonse tinkadziwa kuti ali ndi mwana wamkazi, ndipo mayi a mwanayo tinawaonapo. Tsiku lina poweruka kunabwera bambo wina pa galimoto kudzamutenga. M'mawa mwake ndinamufunsa ngati anali mchimwene wake. Iye, maso ali pa anyezi, anangoti, "Ayi, ndi chibwenzi changa. Ine ndine bisexual, mtima wanga umakopeka ndi akazi komanso amuna." Anapitiriza ntchito yake. Ine ndinangoti kakasi, mpeni uli m'manja.

Lamlungu lake ndinakaitula nkhaniyi kwa anyamata akwathu ku Rosettenville, kumene timakumana kuonera mpira ndi kudya nsima ya usipa wobwera pa basi. Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Wina anati ndi mathanyula basi, wina anati ndi zizimba zofunira chuma, wina anachita kulavula. Koma tamvani zimene zinachitika sabata yomweyo. Tinalimo anthu 7 m'chipinda muja, ndipo anayi anandipeza aliyense payekha, wina pa WhatsApp pakati pa usiku, wina tikudikira minibasi. Mawu awo anali ofatsa. "Amwene, zimatheka bwanji munthu kukonda mbali zonse?" "Nanga mkazi uja ankadziwa?" "Kodi amabadwa nazo kapena amachita kuphunzira?" Mmodzi anazungulirazungulira, kenako anati: "Nthawi imene ndinkagwira ntchito ku esiteti ya fodya ndinkagona nyumba imodzi ndi mnzanga wina, ndipo mtima wanga unkamufuna mwa njira imene sindinaimvetse. Ndiye kuti ndine chiyani?" Ameneyu ndi bambo wa ana awiri, ndipo funsolo walisenza yekha zaka zoposa 15.

Kwathu amunafe nkhani za kuchipinda timazikamba ndithu, kumowa, pa bawo, pa siteji ya kabaza. Koma timazikamba modzitama: akazi angati, gondolosi wa kuti ndiye wamphamvu, ndani amene sagwa mphwayi. Sindinamvepo mwamuna akunena pagulu kuti sakudziwa, kapena kuti akuopa. Ankhoswe ndi alangizi amatiphunzitsa kusamala mkazi, ndipo ndimawathokoza, koma funso ngati la bambo wa ana awiri uja lilibe khomo loti ligogodepo. Chimene ndimasowa kwathu n'chakuti amuna awiri amayenda atagwirana manja kuchokera kumsika, amagona mphasa imodzi pamaliro, popanda wowaganizira kanthu. Kuno ndinasiya kugwira dzanja la mnzanga. Kwathu matupi ndi omasuka koma pakamwa ndi pomanga, kuno pakamwa ndiye pomasuka.

Malamulo nawo akusiyana ngati usana ndi usiku. South Africa inalemba m'malamulo ake aakulu a 1996 kuti munthu asasalidwe chifukwa cha amene amakopeka naye, ndipo mu 2006 inavomereza maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Kwathu gawo 153 la malamulo a milandu, lochokera m'nthawi ya atsamunda, limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende. Tonse tikukumbukira chinkhoswe cha Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga ku Chirimba mu December 2009. Anawagamula zaka 14 mu May 2010, ndipo Bingu wa Mutharika anawakhululukira Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations panthawiyo, atabwera. Mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu ku Blantyre linagamula kuti lamuloli likhalebe. Musaganize kuti kuno zonse ndi zosalala. Eudy Simelane, amene ankakopeka ndi akazi anzake ndipo ankasewera mpira mu timu ya dziko lino ya akazi, anaphedwa mwankhanza ku KwaThema mu 2008, ndipo m'malokesheni ambiri anthu otere amayendabe ndi mantha. Lamulo linasintha, koma mitima ya anthu ikutsalira.

Kusiyana kumene kunandikhudza kwambiri ndinakuona kuchipatala. Ndinapita kukayezetsa magazi, ndipo namwino, akulemba pa fomu, anandifunsa kuti, "Mumagona ndi akazi, amuna, kapena onse?" Anafunsa ndi mawu omwewo amene anafunsira zaka zanga. Ndinamva kutentha kumaso, ndinayankha kuti mkazi wanga yekha, iye n'kulemba, n'kupita pa funso lina. Ndili panjira ndinaganiza za mwamuna wa kwathu amene yankho lake loona ndi "onse". Angaliuze ndani, podziwa kuti chimene akuulula ndi mlandu wa zaka 14, ndipo mwina namwinoyo amaimba kwaya imodzi ndi mkazi wake?

Ena mumati izi n'zachizungu, zabwera ndi intaneti. Agogo athu amene anabwera kuno pa Wenela ndi Theba akanatiuza zina. M'makomponi a migodi, mmene akazi sankaloledwa, amuna ena ankatengana ngati banja, wina kuphika ndi kuchapa, wina kupereka ndalama ndi mphatso, ndipo boma la nthawiyo linachita kufufuza nkhaniyi mu 1907. Ambiri mwa amuna amenewo anali ndi akazi kwawo, ndipo kontalakiti ikatha ankabwerera ndi masutikesi awo, nkhaniyo n'kutsala ku Joni.

Kukhala chete kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amalipira ndi alongo athu. Kafukufuku amene anatuluka mu 2009, amene bungwe la CEDEP linatengako mbali, anapeza kuti mwa amuna pafupifupi 200 a ku Malawi ogonana ndi amuna anzawo, 21 pa 100 alionse anali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ambiri ankagonanso ndi akazi. Mwamuna amene sangafunse funso sangamvenso malangizo a kondomu kapena mankhwala oteteza ku HIV a PrEP ogwirizana ndi moyo wake weniweni. Amabwerera kunyumba, mkazi wake osadziwa kanthu.

Ndinadzamufunsa mnzanga wa kukhitchini uja mafunso a anyamata aja, ndipo anandiyankha mosakwiya. Anati kukopeka ndi mbali zonse sikutanthauza kukhala ndi anthu awiri nthawi imodzi. Pamene anali ndi mayi a mwana wake anali wawo okha, ndipo lero ali ndi munthu mmodzi. Ndinachita manyazi pokumbukira kuti ena mwa amene ankaseka kwambiri tsiku lija ali ndi mkazi ku Mangochi, wina ku Turffontein, ndipo palibe amawalavulira. Anandiuzanso kuti amuna apabanja amam'tsata akaledzera, kufuna kuti angoyesako mwamseri, kukacha n'kumamutukwana pagulu. Iye amawakana, chifukwa safuna kukhala chinsinsi cha munthu.

Sindikukuuzani kuti musiye chikhulupiriro chanu, inenso changa sindinasiye. Ndikupempha zinthu zitatu. Mnzanu akakufunsani funso lotere, musamuseke ndipo musakamulengeze. Ngati inuyo muli ndi moyo wachiwiri, kayezetseni, dzitetezeni, ndipo musakwatire mwana wa eni kuti akhale chophimba chanu. Ndipo amene mukuyenda naye mumdima musamugende masana.

Bambo wa ana awiri uja ndinamuyankha chimene ndikukhulupirira. Ndinamuuza kuti zimene mtima wake unamva ku esiteti kuja si mlandu, kuti dzina loti adzitche palibe angamupatse koma iye mwini, ndipo kuti mkazi wake ayenera kukhala ndi mwamuna wosamunamiza. Anakhala chete nthawi yaitali, minibasi ziwiri zinadutsa osazikwera. Kenako anati, "Zikomo amwene, ndimayesa ndilipo ndekha." Lamlungu lapitali tinaonera limodzi mpira, ndipo wina atayambitsa nthabwala ija, iye ndi ine sitinaseke.