Kuseri kwa Michesi

Amalume ndiwo adandisankha. Adati mwa ana onse a m'banja mwathu ine ndiye ndidapita patali ndi sukulu, tsono mawu anga akhoza kulemera pamaso pa nkhalamba. Ntchito yake idali yoti ndipite ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri la Michesi m'boma la Phalombe, ndikawanyengerere anganga, amene adabala amayi anga, kuti achoke m'chigwa muja adzakhale nafe ku Zomba. Umu mudali mu Ogasiti 2023, patapita miyezi isanu kuchokera pamene namondwe wa Freddy adagwetsera mapiri pa anthu. Amayi adali atapitako kale kawiri, nabwerako ndi misozi yokha. Amalume adali atalankhula nawo pa foni ya mnansi mpaka mayunitsi kutha. Yankho la anganga lidali limodzi nthawi zonse: "Ndamva."

Ndiulule kuti ndidavomera monyada. Kumudziko ndidali nditapondako komaliza ndili mu Sitandade 5, ndipo chimene ndinkakumbuka ndi mango ndi kuzizira kwa madzi a mumtsinje basi. Usiku woti mawa ndinyamuka ndidayang'ana mapu, ndipo ndidaona kuti mtunda wonse kuchokera ku Zomba ukubisika pansi pa zala zanga ziwiri. Ndidauza amayi kuti nsima ya masana ndikadyera komweko. Iwo adangondiyang'ana, nandiwonjezera mbatata zophika m'chikwama.

Za sitima musandifunse, anzanga. Njanji imene idafika ku Blantyre mu 1908 idadzera ku Luchenza, kutsidya lina la phiri la Mulanje, kumene kudali katundu wa azungu woyenera kunyamulidwa. Mbali yathu ino sikudali chonyamula koma anthu, ndipo anthu ali ndi miyendo.

Ndidafika pa depoti dzuwa lisanatuluke ndi kupeza minibasi ya ku Phalombe imene, malinga ndi woitanira, idangotsala munthu mmodzi kuti inyamuke. Munthu mmodziyo tidamudikira maola atatu. Ena mwa amene ndidawapeza atakhala m'katimo ankatsika mmodzimmodzi pamene apaulendo enieni ankabwera, ndipo ndidazindikira mochedwa kuti adali aganyu ongodzaza mipando. Komabe titanyamuka tidayenda bwino, pakuti msewu wa ku Jali ndi wa tala. Bambo wina wachikulire amene adandipanikiza ku windo adayamba kusimba za kale, tala asanabwere, pamene basi inkatitimira m'makande a m'chigwa cha Phalombe nyengo ya dzinja, apaulendo n'kusonkha moto m'mbali mwa msewu, kuphika, kugona, mwinanso kupalana ubwenzi. Adati ana a lero sitidziwa ulendo. Ndidamwetulira mwaulemu, mtima uli pa mfundo zanga, chifukwa mawu okawauza anganga ndidali nditawakonza ngati mayeso: choyamba ngozi ya mvula ikubwerayi, chachiwiri kutalika kwa chipatala, chachitatu ukalamba wawo. Kutsogolo kwathu phiri la Mulanje linkakula pang'onopang'ono m'kati mwa utsi wa lupsa, Sapitwa osaoneka n'komwe.

Pa Phalombe ndidatsika dzuwa lili pamutu. Amene sadafikeko adziwe kuti mapiri awiri, Mulanje ndi Michesi, adaima moyang'anizana, ndipo pakati pawo pali mpata. Nkhulambe ali kuseri kwa mpatawo. Njira zopitira kumeneko zilipo ziwiri. Yachidule ndi yokwera mpata womwewo, kudzera pa mabwinja a Fort Lister, linga limene Angerezi adamanga mu 1893 kuti atseke njira ya ogula akapolo opita kunyanja ya mchere. Yaitali ndi yozungulira Michesi, kudzera pa Migowi ndi pa Chiringa. Anyamata a kabaza wa njinga zamoto adandizinga, aliyense akulumbira kuti andidutsitsa pampata ola lisanathe, koma mtengo umene adatchula udaposa wa minibasi imene idandichotsa ku Zomba. Apa mpamene ndidayamba kuona kuti ulendo wa kwathu umakwera mtengo pamene mtunda ukuchepa. Ndalama za amalume zidali zowerengeka, tsono ndidasankha kudikira matola.

Idapezeka lole ya mkulu wina wogula nandolo. Tidakwera pamwamba pa matumba opanda kanthu, ine nditatsamira sikelo. Mudali mphunzitsi wa pulayimale amene ankachokera kokatapa malipiro ake ku banki, ulendo umene adati umamudyera masiku awiri ndi gawo la malipiro omwewo mwezi ndi mwezi. Mudali mtsikana ndi khanda, akuchokera kuchipatala cha kutali popeza chawo chapafupi chidakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Mudalinso mayi wina wamsinkhu wa amayi anga, atagwira malata atatu atsopano, osalola munthu kuwaponda kapena kuwatsamira.

Mpaka pa Chiringa tidayenda ngati anthu. Titakhotera kumwera, phiri lili kudzanja lamanja, nkhani zidayamba kuchepa m'lolemo. Ndidakweza maso ndi kuona chifukwa chake. Kuchokera pamwamba pa Michesi kutsikira kunsi padali mizere yaitali yoyera ndi yofiira, ngati chilombo chidakanda phirilo ndi zikhadabo. Ife a m'kagulu ka alembi Napolo timamudziwa bwino: tidawerenga ndakatulo za malemu Steve Chimombo, tidamva za chigumula cha ku Zomba cha mu 1946 ndi cha ku Phalombe cha mu 1991, ndipo ineyo ndidakanganapo m'kalasi za chimene njoka ya pansi pa phiriyo imaimira. Sindidaganizepo kuti njira imene idadutsa ikhoza kukhala yotakata kuposa bwalo la mpira.

Pa mtsinje woyamba mlatho udalipo theka, ukulendewera m'malere. Galimoto zinkatsikira m'khwawa ndi kuwoloka pamchenga. Lole yathu idalowa molimba mtima, nifika pakati, niima. Matayala adazungulira pamodzimodzi mpaka kudzikumbira dzenje. Tisanatsike n'komwe adatulukira anyamata asanu ndi mmodzi, makasu ndi matabwa zili m'manja, ngati kuti adatipangana. Adatchula mtengo wawo, mwini lole adakana, iwo adakhala pansi pamthunzi osatekeseka. Pamapeto pake tidasonkha tonse.

Ine zidandipsetsa mtima. Ndidanena mokweza, ndiponso m'Chingerezi kuti amve mphunzitsi yekha, kuti uku n'kuba, kudyera pa tsoka la anzako. Mphunzitsiyo adandiyankha m'Chichewa, mosakweza mawu.

"Achimwene, mchenga mwaimapowu ndi dimba la bambo wa mnyamata wa malaya ofiirayo. Mumafuna akolole chiyani?"

Ndidavula nsapato n'kuyamba kukankha nawo. Matayala adandimwaza mchenga wonyowa kuyambira kumaso mpaka kumapazi, ndipo mnyamata wa malaya ofiira adandiseka, nandionetsa pogwira kuti lole ikabwerera m'mbuyo isandiponde.

Pa mtsinje wachiwiri dalaivala adatsika, nayang'ana, napukusa mutu. Apa padalibe mchenga koma miyala, ina yaikulu ngati nkhokwe. Mwini lole adati sikelo yake aimika pomwepo, ofuna kugulitsa nandolo amupeza. Ndalama zathu sadabweze ngakhale tambala, ndipo palibe adafunsa. Dzuwa lidali litapendeka. Mayi wa malata uja atamva dzina la mudzi umene ndinkapita adati tidzera limodzi. Adapinda nkhata, tidamusenzetsa malata ake, ine ndidatenga kathumba kake ka misomali ndi mchere.

Chigawo ichi cha ulendo n'chimene chimandibwerera ndikagona. Tinkayenda pamwamba pa miyala, iye patsogolo, malata akulira pamutu pake pa phazi lililonse. Padalibe mtengo, padalibe chiputu, padalibe ngakhale nkhuku. Ndinkayesa kuti tikudutsa m'khwawa la mtsinje. Kenaka mayiyo adayamba kulankhula, osatembenuka, ngati munthu wolonjera alendo.

"Apa padali pa ankolo anga. Apo chigayo. Pamwala wosongokawo padali nyumba ya mnzanga wa ku kwaya, iye ndi ana ake anayi. Sitidawapeze."

Ndidaima. Wailesi idatiuza kuti anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'dziko muno ndi namondwe ameneyu, ndipo chiwerengerocho ndidachilembapo m'nkhani ina ya m'kalasi n'kupeza malikisi abwino. Tsopano ndidasowa poponda. Mayiyo adamva kuti mapazi anga aleka, ndipo adati, "Tiyeni bambo, njira ndi yomweyi. Ifenso timaponda."

Ndidafika kwa anganga nkhuku zitalowa kale. Nyumba imene ndinkaikumbuka idalibe khoma limodzi, ndipo iwo ankagona m'kanyumba kophikira kofoleredwa ndi tenti ya chithandizo. Adandiyang'anitsitsa ndi nyali, naomba m'manja.

"Amuna anga afika! Koma abwera ngati akuchokera koumba njerwa."

Adanditenthetsera madzi, nandipatsa nsima ya nandolo wamuwisi. Nditakhuta ndidakhosomola n'kuyamba. Mfundo zonse zitatu ndidaziyala mwadongosolo, osaphonya ndi imodzi yomwe, ndipo ndikhulupirira kuti aphunzitsi anga akadakondwa. Anganga adamvetsera mpaka kumapeto, akusonkhezera moto.

"Wanyamuka nthawi yanji ku Zomba?" adafunsa.

"Kusanache."

"Wafika usiku. Iwe wa miyendo yanthete, wobwera kudzaona munthu wamoyo. Nanga ine ndikachoka, adzayende njira imeneyi ndani kudzaona munda ndi manda? Amayi anga adalowa m'chigwa muno wapansi kuchokera ku Mozambique, mwana kumsana, nadula mitengo apa. Malo ano ndi a amako, akadzatha amako ndi a mlongo wako. Malire adapita ndi madzi. Amene akudziwa pamene padali mpanda ndatsala ndine. Ndikakhale ku Zomba ndizidya buledi, mlongo wako akadzafuna pake adzaloze pati?"

Ndidati zonsezo nzoona, koma mvula ibweranso mu Disembala, ndipo phiri likadali ndi mabala. Ndidati akadzadwala usiku palibe galimoto idzawoloke miyala ndadutsayo.

"Zoona," adatero. Sadatsutse, sadawonjezere. Adandiyalira mphasa.

Ndisaname kuti adandigonjetsa. Mpaka lero mitambo ikachita bii cha kum'mwera ndimasiya buku n'kutuluka panja, ndipo ndimaganizabe kuti amalume akunena zoona. Koma m'mawa mwake anganga adanditengera kumunda, ndipo ndidaona kuti miyezi isanu yonseyo adakhala akutola miyala umodziumodzi, imene akadatha kuinyamula, n'kumaiika mumzere motsata malire akale. Mzerewo udali utazungulira mbali ziwiri. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake ndidagwira nawo mbali yachitatu, mpaka zikhato zanga za cholembera zidatuluka matuza.

Pobwerera ndidadzera njira yachidule. Mdzukulu wa mnansi adandiperekeza wapansi kukwera mpata, kathumba ka nandolo kali pamutu panga, ndipo mabwinja a linga lija tidawadutsa osaima chifukwa mnyamatayo ankafuna kubwerera kusanade. Tikutsetsereka cha ku Phalombe foni yanga idagwira netiweki ndi kuyamba kulira nthawi yomweyo. Adali amalume.

"Wayenda bwanji, mphwanga? Wawauza?"

"Ndawauza zonse, amalume."

"Ndiye akuti bwanji?"

Ndidatula kathumba kaja pamwala kuti ndipume. "Akuti amva," ndidatero, "komanso akuti mukamabwera mudzatenge mgwala, pali miyala ina yawakanika."