Kalata yochokera ku Chicago: Amoyo amene analiridwa maliro

Okondedwa Amayi,

Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chafika poluma mafupa. Ndagwira cholembera lero chifukwa cha zimene ndinaona Loweruka lapitali, zomwe zandisowetsa tulo.

Ndinapita ku Museum of Science and Industry, nyumba yoonetsera zaluso ndi zinthu zakale. M'chipinda chapansi asungamo sitima yankhondo ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi, dzina lake U-505. Kunja ndi chimphona, mamita oposa 76 m'litali, koma m'kati ndi mothina ngati m'nkhokwe. Anyamata ake ankagona mosinthana pa timabedi toyandikana ndi mabomba.

Anaipanga ku Hamburg ndipo inayamba ntchito mu 1941. Ponyamukira pake panali pa doko la Lorient ku France, ndipo inamiza sitima zisanu ndi zitatu, zina kufupi ndi gombe la kumadzulo kwa Africa. Mu Okutobala 1943, adani akuiponyera mabomba, mtsogoleri wake Peter Zschech anadziwombera yekha pamaso pa anyamata ake. Pa 4 Juni 1944, asilikali apamadzi a America otsogozedwa ndi Daniel Gallery anaivulaza mpaka inatumphuka, ndipo anailanda isanamire. Mjeremani mmodzi anafa, 58 anavuulidwa amoyo.

Apa ndi pamene pandikhudza, Amayi. M'sitimamo munali makina a Enigma ndi mabuku amene Ajeremani ankabisira mauthenga awo. Akanadziwa kuti zagwidwa, akanasintha zonse. Choncho Amereka anaikokera sitimayo ku Bermuda mwakachetechete, anyamata aja n'kukawatsekera ku Camp Ruston, m'chigawo cha Louisiana. Sanawalole kuonana ndi a Red Cross, ndipo kalata zawo sizinkafika kwawo. Makolo awo anauzidwa kuti ana awo atsakamira m'nyanja. Kukanakhala kwathu, bwenzi atameta ndi kumeta komwe. Chikhalirecho ana ali moyo, akudya, akuwerenga masiku, mpaka nkhondo inatha mu 1945.

Sindikuwayeretsa anyamatawa. Ankatumikira Hitler, ndipo anthu amene anawamiza analinso ndi amayi awo, amene sanalandire ngakhale mtembo woti aike. Koma nditaima pambali pa chitsulo chija, chimene chinandibwerera ndi nkhope yanu. Ndinakuonani muli pakhonde madzulo, foni ili pamwendo, mukudikira kuti mwina ilira.

Iwo aja anatsekedwa pakamwa ndi alonda amfuti. Nanga ine wanditsekera ndani? Miyezi isanu yatha osakuimbirani. Ndinkanamizira ntchito yausiku ndi kusiyana kwa nthawi, koma zoona zake n'zakuti ndinali ndi manyazi kuyankhula nanu ndilibe kanthu kotumiza. Sindinaganize kuti kukhala chete kwa mwana kumagoneka mayi ake ndi maliro mumtima. Mundikhululukire.

Kuyambira tsopano, Lamlungu lililonse mukamatuluka m'tchalitchi, foniyo izilira, kaya ndili ndi kangachepe kaya ndilibe. Mudzandiuze ngati chimanga cha kudimba chamera bwino, ndiponso ngati mwendo uja wasiya kutupa. Mupereke moni kwa amalume ndi ana onse, ndipo muwauze kuti ndili moyo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
wa ku Chicago