Chimbale cha Mwana wa ku Mwanza

Ife a ku Mwanza timadziŵika ndi zinthu ziŵiri, manachesi ndi mseu wa malole wopita ku Zobue ndi ku Tete. Pa nkhani ya nyimbo satiŵerengera. Nchifukwa chake pamene chimbale choyamba cha Keturah chinatuluka mu 2023, ndinachimvera mtima uli m'mwamba, monga mlimi amene wapeza dengu lake pamsika wa eni ndipo akufuna kuona ngati zipatso zafika zosaphwanyika.

Ulendo wake unali wautali ndithu. Mtsikanayu, amene kuno amatchedwa Local Girl, anakajambula nyimbozi ku Hen House Studios, ku Venice m'chigawo cha California, wozikonza ali Harlan Steinberger. Mwa omuthandiza munali John Densmore, wang'oma wa gulu la The Doors, ndiponso Mickey Raphael, amene anayamba kuimbira Willie Nelson hamonika mu 1973.

Maina ameneŵa ndiwo anandidetsa nkhaŵa. Chimbale choyamba cha The Doors, cha mu 1967, chili ndi "Back Door Man", nyimbo ya blues yopekedwa ndi Willie Dixon. Anyamatawo anaitenga naithira ukali wa magetsi, ndipo umu ndi mmene blues rock imakhalira: kudandaula kwa anthu akuda a ku Mississippi ndi Chicago kovekedwa chiphokoso cha ng'oma ndi magitala. Nyimbo zotere ndimazikonda, sindikana. Koma ndinkadzifunsa kuti, kodi liwu la mwana wa kwathu lipezamo mpata wopumira pakati pa madoda otereŵa?

Linaupeza. Mu "Kwanumkwanu" liwu lake ndilo lili patsogolo, ndipo Chicheŵa chake sanachipotoze kuti alendo asavutike. Mu "Nchiwewe" hamonika ija ikulira chapansipansi, kumbuyo, ngati mayi wa mudzi wina amene wafika pamaliro mochedwa nangoyamba kuvomereza nyimbo imene eni ake atsogolera. Apa mpamene ndinamva kuti blues ndi kudandaula kwa kwathu zikhoza kukhala pamkeka umodzi popanda wina kukankha mnzake.

Sikuti zonse zinandikhutitsa ayi. Pena zida zachuluka, zasalala mopitirira, ndipo khutu langa limalakalaka kuuma kwa banjo ya Allan Namoko wa ku Thyolo, imene inkamveka fumbi la pabwalo.

Chondivuta china nchakuti ambiri a ife chimbalechi timachipeza pa intaneti, ndipo intaneti imadya ndalama. Azakhali anga, amene amagulitsa manachesi m'mbali mwa mseu, anachimvera pa foni yanga tili pamthunzi wa mtengo, malole akudutsa. Ndinayamba kuŵafotokozera za Densmore ndi za California, iwo nkundidula.

"Zimenezo zisiye, mwanawe. Ndi mwana wa yani ameneyu? Kwawo mpati, kuno ku boma kapena cha ku Thambani?"

Kenaka anandiuza kuti ndiibwereze nyimboyo, ndipo kasitomala wina anadikira.