Nyali ya ku Souter ndi ife ochezera usiku

Tsiku lina ndinamva mwana wanga wamwamuna akuuza mnzake pafoni kuti, "Amayi anga amangokhalira kugona masana onse." Sananame ayi. Ndine namwino wa usiku, ndipo iye akamadzuka ine ndimakhala ndikuvula nsapato. Komabe mawuwo anandilasa mtima. Loweruka lotsatira ndinapita naye ku Souter, pakati pa South Shields ndi Sunderland, kukaona nsanja ya nyali yopakidwa utoto wofiira ndi woyera.

Gombe limeneli lili ndi matanthwe obisala m'madzi omwe ankaswa sitima zambiri. N'chifukwa chake anamanga nsanjayi, yomwe inayamba kuwala mu 1871. Inali imodzi mwa nsanja zoyambirira padziko lonse zomangidwira nyali ya magetsi. Kukachita chifunga moti nyali osaoneka, ankaliza lipenga lalikulu lomveka kutali.

Tinakwera masitepe 76, ine ndili wefuwefu, mnyamata ali patsogolo. Pamwamba anatifotokozera za anthu osamalira nyali. Ankalandirana usiku wonse, kupukuta magalasi, kuyang'anira makina ndi kulemba m'buku zonse zochitika. Nditamva za bukulo ndinaseka ndekha, poti nanenso mu wodi ntchito yanga ndi yomweyo: kuyang'ana, kulemba, kudikira kuti kuche.

Pamalo pomwe panali posatheka kumanga nsanja, monga pa milu ya mchenga pakati pa nyanja, ankamangirira sitima yokhala ndi nyali pamwamba. Sitimayo sinkapita kulikonse. Amuna ankakhalamo masabata angapo, mafunde akuwagwedeza, kuti anzawo adutse bwino. Ina mwa sitima zoterezi, yamatabwa, yopangidwa mu 1879, ikusungidwa padoko la Blyth.

Lero ntchitoyi inatha. Nyali ya Souter inazimitsidwa mu 1988, ndipo mu 1998 osamalira nyali omaliza ku Mangalande anachoka pa North Foreland, makina n'kutenga malo awo. Souter ikuimabe chifukwa bungwe la National Trust linaitenga, ndipo anthu ongodzipereka amalandira alendo ndi kuwalongosolera mbiri yake. Mphepo yamchere imadya chitsulo ndi utoto chaka ndi chaka, choncho pamalowa ndalama ndi thukuta.

Wina angafunse kuti, kuvutikiranji ndi nyali yozima? Yankho ndinaliona chapafupi pomwepo. Panali mudzi wa Marsden wa anthu okumba malasha, wokhala ndi misewu ndi tchalitchi, koma unagwetsedwa m'zaka za m'ma 1960. Pano pali udzu wokhawokha. Mwana wanga anathamangapo osadziwa kuti akuponda pakhomo pa anthu.

Sitima yomira imatchuka, koma yofika bwino palibe amaikumbuka. Wodwala akagona bwino mpaka m'mawa, palibe nkhani. Ambirife kuno timagwira ntchito zotere, m'zipatala, m'nyumba zosamalira okalamba ndi pa ulonda, ndipo ana athu amangoona tulo tathu. Nsanja ija inandithandiza kunena zomwe ndinkalephera kufotokoza.

M'basi pobwerera mnyamata anakhala duu kwa kanthawi, kenako anandifunsa, "Amayi, inu usiku mumayang'anira anthu angati?" Ndinamuyankha, ndipo anafunsanso zina mpaka tinafika.

Abale, mukapeza tsiku lopuma, atengeni anawa mukawaonetse. Musaiwale majuzi, mphepo yake si yamasewera.