Kalata ya ku Malindi: za Madzi ndi Mchere

Malindi, Mangochi

Mwanawe,

Mawa m'bandakucha ukwera galimoto ya ku Blantyre kukayamba maphunziro a unamwino. Za kupemphera ndi za anyamata, azakhali ako akuuza kale. Mayi ako asankha kukulembera za madzi ndi mchere, ndipo pansi pa zitenje m'chikwama chako abisapo mapaketi asanu a Thanzi.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Anapereka dzinali ndi Robert Hooke wa ku England mu 1665, ataona tizipindato pa khungwa la mtengo ndi maikulosikopu. Selo lililonse lili ndi kakhungu kopyapyala kolizungulira, ndipo kakhunguka ndi mlonda: zina kamalowetsa, zina kamabweza. Madzi amadutsa mosavuta, koma khalidwe lake ndi limodzi, amalondola komwe mchere wachuluka. N'chifukwa chake chambo chong'amba chikawazidwa mchere chimachucha madzi.

Chambo chamoyo vuto lake ndi lina. Magazi ake ali ndi mchere wambiri kuposa madzi a m'nyanja yathuyi, choncho madzi amangolowa m'thupi mwake usana ndi usiku. Nsombayo imakodza kwambiri, kwinaku ziwalo zake zopumira zikutola mchere wochepa womwe uli m'madzimo. Mwa munthu, ntchito yosunga muyezo imeneyi imagwiridwa ndi impso ndi ludzu.

Kolera amaphwanya muyezowu. Poizoni wa kachilombo kake amatsegula zitseko za maselo a m'matumbo, mchere n'kumatuluka, madzi n'kumautsatira. Wodwala kwambiri amatha kutaya lita yathunthu pa ola limodzi, chimbudzi chake chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga. Maso amalowa m'kati, ndipo khungu ukalitsina silibwerera msanga. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe analira kwambiri. Mayi ako sanaiwale miyezi imeneyo, pamene m'mudzi anthu ankaopa ngakhale kupatsana moni wa m'manja.

Koma pali chitseko chimodzi chimene kolera sachiononga. Mu 1960, Robert Crane wa ku America anafotokoza kuti maselo a m'matumbo amalowetsa mchere ndi shuga pamodzi, mogwirana manja, ndipo ziwirizi zikalowa madzi amazitsatira. Mu 1971, dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, madiripi atamuthera pa msasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, anamwetsa odwala madzi a mchere ndi shuga, ndipo imfa zinatsika kwambiri. Nzeru ya m'kapaketi ka Thanzi ndi imeneyo.

Paketi imodzi amasungunula mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, osachepetsa. Ena amathira timadzi ta m'kapu poganiza kuti mankhwala akhale amphamvu, ena amamwetsa wodwala zakumwa zotsekemera za m'botolo. Onsewa amalakwitsa, pakuti shuga ndi mchere zikachuluka m'matumbo zimakoka madzi kuchokera m'maselo, monga zimachitikira ndi chambo chija. Mayi ako amamva chisoni kuti pali ana amene amafooka chonchi m'manja mwa anthu owakonda.

Ku hositelo anthu amakhala mothithikana, ndipo mipopi imauma. Uzisamba m'manja ndi sopo, madzi okayikitsa uziwiritsa. Mnzako akayamba kutsegula m'mimba, umusungunulire Thanzi nthawi yomweyo, azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wopita kuchipatala. Usadikire kuti kuche.

Ukafika, uimbe foni pa nambala ya bambo ako.

Ndi mayi ako okukonda.